Pikapu ya aNangondo Inkapendekera Kumanja

Loweruka lapitali tinali kumanda kodalitsa chiliza cha apongozi anga, aNangondo, patatha chaka chiwaikireni. Mapemphero atatha anandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa akamwini a pamudzi. Ndinaimirira n'kunena zimene aliyense amanena pamanda: kuti anali mayi wolimbikira ntchito, woopa Mulungu, wosunga ana a eni. Zonsezo n'zoona, koma pobwerera kunyumba ndinkaona ngati ndayankhula za munthu wina. Ine ndikawakumbuka amandibwerera ali pamwamba pa matumba a kachewere kumbuyo kwa pikapu, duku atalikokera mpaka m'makutu chifukwa cha mphepo ya kumapiri kuno, akukalipira munthu.

Kuyendetsa galimoto sankadziwa, ndipo chiwongolero sanachigwirepo ngakhale galimoto itaima. Komabe kuyambira ku Mphunzi mpaka ku Lobi aliyense ankati pikapu ya aNangondo. Amene anaigula ndi amuna awo, malemu aGelevazio, atasiya ntchito yoyendetsa malole a matabwa ku nkhalango ya Chongoni. Anaigula ili kale yakale. Inali yoyera poyamba, koma ine ndinaidziwa utoto utasanduka ngati phulusa. Inali ya folo wilo, ija yoti ukafika pamatope umatsika n'kukapotokola tizitsulo ta pakati pa mawilo akutsogolo kuti onse anayi akoke. Kutsogolo aGelevazio anawotchererako bampala yamapaipi onenepa, poopa ng'ombe ndi zitsa za m'misewu yathu. Ine nditakwatira mwana wawo Matilida anandiphunzitsa kuyendetsa ndi kukonza zing'onozing'ono, ndipo iwo atamwalira makiyi anagwera m'manja mwanga.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mabanja ambiri analeka zimenezi, koma aNangondo anazigwira ndi manja awiri. Choncho kutsogolo kwa pikapu, pafupi ndi ine, sakanakhalako. Malo awo anali kumbuyo, pamwamba pa katundu, atatsamira chitsulo cha kuseri kwa galasi. Akafuna kuti ndiime ankamenya denga ndi chikhatho. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Matilida, ine ndili pomwepo ndikumva.

"Iwe Matilida, uwauze abambo a Lusiya kuti mawa tilawirira ku Lobi."

Matilida ankatembenuka n'kundiuza zomwezo, ine n'kuyankha kwa Matilida, iye n'kubweza. Matilida akapanda kukhalapo ankauza aliyense amene ali pafupi, ngakhale mlendo wongopempha madzi akumwa. Pakasowa munthu ankauza galimotoyo. Ndikathamangitsa potsetsereka ndinkamva mawu akudutsa pawindo, akuti galimoto iyi lero ikuthawa ngati yaba nkhuku. Ine n'kuponda buleki.

Anali ndi malamulo awo a pamsewu, ndipo palibe wapolisi akanawasintha. Munthu wosenza katundu pachitunda sitinkamudutsa. Ankati galimoto yodutsa munthu wosenza, tsiku ikadzatitimira idzamufuna munthu yemweyo kuti aikankhe. Wodwala ankakwera kutsogolo, ngakhale akhale wa mudzi umene takangana nawo za malire. Woledzera ankakwera kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kuti zake zikamuvuta zigwere kunja. Pamaliro sitinkadikira kupemphedwa. Ankangomva kulira kwa mudzi wina, n'kuyamba kusesa m'pikapu. Mwezi wa Juni, chisanu chikafika poyeretsa udzu, ankafunditsa boneti masaka ngati akufunditsa mwana wa ng'ombe, ndipo ukawauza kuti chitsulo sichimva kuzizira ankakufunsa chifukwa chake chimakana kulira m'mawa.

Sanali munthu wofewa pakamwa. Ogula kachewere ochokera kumizinda ankawadziwa bwino. Munthu akakhuthula thumba n'kuyamba kusankha zazikulu zokhazokha, ankamulanda thumbalo n'kumuuza kuti zing'onozing'onozo nazonso zinakumbidwa ndi msana womwewo. Koma yemweyo akati mwana akudwala kunyumba, ankamuthirira nyemba m'jumbo osanena kanthu.

Mkangano wawo waukulu ndi mwana wawo Petulo, mlamu wanga wa ku Lilongwe, unali wa pikapu yomweyi. Unachitika maliro a aGelevazio atangotha, anthu asanabalalike. Petulo anali atapeza kale munthu woigula.

"Mayi, galimoto yakale imafuna mwini wake woidziwa," anatero. "Bambo apita. Tiigulitse isanawolere pakhomo pano."

"Kodi amuna pamudzi pano atha?"

"Sindikunena zimenezo. Koma idzakhala ikuwonongeka mwezi ndi mwezi, inu n'kumavutika nayo."

"Nawenso unabadwa wodwaladwala," anatero aNangondo. "Sindinakugulitse."

Anthu anaseka mobisa, ndipo Petulo anabwerera ku Lilongwe atakwiya. Koma Khirisimasi ya chaka chomwecho anabwera ndi batire yatsopano, n'kuiika pakhonde osatchula za mkangano uja. Mayi ake anangoti aiike pamthunzi.

Tsono pikapuyo inali ndi chilema chimene aliyense ankachiona. Mphuno yake inali yogwa, ndipo inkapendekera kumanja, mbali ya dalaivala. Ukaiona ikubwera patali inkakhala ngati munthu wosenza ndowa paphewa limodzi. Pikapu zakale zoterezi kutsogolo sizikhala ndi masipuling'i opindapinda aja. Wilo lililonse limatsamira pa chitsulo chachitali chonga mpini wa khasu, chogona m'litali pansi pa galimoto, chimene amakaniko amachitcha toshoni ba. Wilo likagunda mwala chitsulocho chimapotoka pang'ono n'kubwerera. Zaka zikachuluka chimatopa, galimoto n'kuwerama. Yathuyi inali itatopa ndi kulemera kwa bampala ija, ndipo chitsulo cha kumanja chinatopa kwambiri chifukwa cha aGelevazio eni ake. Anali chimunthu. Akamakwera, galimoto inkachita kulira, ndipo pampando panatsala dzenje lofanana ndi thupi lawo. Ine ndine wochepa thupi ndi wamfupi miyendo. Ndinkalowa m'dzenjemo, n'kupinda saka kumsana kuti mapazi afike pa kilatchi, chifukwa aNangondo sankafuna kuti mpando usunthidwe.

Kukonza kupendekerako si ntchito yoopsa. Kumapeto kwa chitsulo chilichonse, pansi pa mipando, kuli bawuti yaikulu. Ukaimanga mbali imeneyo imakwera, ukaimasula imatsika. Ndinapempha kangapo kuti ndikonze. Ndinauza Matilida kuti awauze mayi ake kuti tayala lakumanja likudyeka mkati mokhamokha, kuti mimba ya galimoto ikukhula msana wa msewu, kuti nyali zikuwala pafupi ngati munthu wofunafuna singano. Yankho linali limodzi nthawi zonse: eni ake anaisiya choncho. China chilichonse ankalola. Oyilo ankandikumbutsa okha, mabuleki akayamba kulira sankagona tulo, koma mabawuti awiri amenewo ndi mpando zinali zosakhudza. Ndinkangosinthanitsa matayala, lodyeka kupita kumbuyo, lakumbuyo kubwera kutsogolo, ndipo tinayenda choncho zaka zingapo.

Amene anali pamaliro a aNangondo chaka chatha anaona mayi wina wachikulire atakhala kumutu kwa bokosi, mkono wake wamanzere uli wopindika ngati chikwakwa. Amenewo ndi aNabanda. Anakulira limodzi ndi apongozi anga, anabatizidwa tsiku limodzi, ndipo madimba awo anagundana malire. Chilimwe chilichonse ankakangana za madzi a mu ngalande yothirira. Wina ankatseka ndi chibuma kuti madzi alowe kwake, mnzake n'kudzatsegula, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kutchalitchi. Pankatha sabata osapatsana moni. Koma tsiku la msika aNabanda ankafika ndi dengu lawo, n'kukwera pikapu osapempha, n'kukhala pa tayala lapadera, ndipo aNangondo ankasuntha mwendo kuti dengulo likwane. Ankayenda ulendo wonse atafulatirana.

Mkono umenewo unathyokera pa pikapu yathu. Kunali kumayambiriro a mvula, titakumba kachewere wa kudimba. Tinapakira matumba, pamwamba pake n'kukhala amayi awiriwa ndi anthu ena ochepa. Usiku wake kunali kutagwa mvula, ndipo msewu wotsika ku Mphunzi unali woterera, miyala itatuluka mano. Ndinkayenda pang'onopang'ono, mawilo onse anayi akukoka. Titafika pokhota, pamene msewu umapendekera kuchigwembe, tayala lakutsogolo lakumanja linaponda mwala wakuthwa pomwe linali litadyeka, n'kuphulika. Mphuno inagwera kumanja, chiwongolero chinandilanda, ndipo galimoto inatsetsereka chammbali mpaka wilo linalowa m'ngalande. Siinagubuduke, koma inapendama moti matumba apamwamba anakhuthukira pansi pamodzi ndi anthu.

Nditatuluka ndinapeza aNangondo atadzuka kale, matope thupi lonse, duku litagwa. Sanalitole. Anali atagwada pambali pa aNabanda, amene thumba linawagwera pamkono. Tinalichotsa, ndipo mkonowo unali utakhota pamalo posakhota mkono. ANabanda sanalire. Anangoluma chitenje, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira. Apongozi anga anang'amba nsonga ya chitenje chawo, ine ndinathyola timitengo tiwiri, tinaumanga. Lole ina yonyamula feteleza ndi imene inawatengera kuchipatala, ndipo aNangondo anakhala nawo komweko mpaka anatuluka ndi chikhakha.

Palibe anandinena ine, ndipo aNangondo sanalole kuti wina ayambe. Mkulu wina wa mumpingo atafunsa ngati dalaivala anali atalawako, anamuyankha pamaso pa anthu kuti dalaivala ananena kalekale za tayalalo, wosamva anali iwo. Anangonena kamodzi komweko, ndipo sanabwerezenso.

Nthawiyo inali yobzala, ndipo aNabanda ndi mayi wamasiye, ana awo ali kutali. M'mawa uliwonse apongozi anga ankatenga khasu n'kudutsa munda wawo womwe osauyang'ana, kupita kwa aNabanda. Anabzala chimanga, anabzala nyemba, anapalira. Munda wawo tinkalima ine ndi Matilida. Pikapu tinaikoka n'kuiimika pakhomo, ndipo kwa milungu ingapo sanaitchule n'komwe. Ngakhale kachewere wotsala anapita kumsika pa njinga za anthu.

Tsiku lina ndinapita kukawathandiza kubandira m'munda mwa aNabanda. Eni munda anali atakhala pamzere, chikhakha atachotsa kale, akuyesa kutambasula mkono umene unkakana kuwongoka. Ine ndinali mizere ingapo kumunsi, koma mphepo inkabweretsa mawu.

"Mwalima mokwanira, aNangondo. Mawa mupite kwanu."

"Ndimaliza kaye kuno."

"Mukalima mpaka kukolola, mkonowu suwongoka. Chimene ndikufuna ine n'choti galimoto ija iyende. Nyemba zanga zikacha ndidzasenza ndi chiyani?"

Apongozi anga anangoweramira pamzere wawo. Khasu linkangogwa.

"Ndikudziwa chimene mumakanira," anapitiriza aNabanda, mawu atatsitsa. "Mukaiona ikubwera itapendekera mumati akubwera ndi iwo. Nanenso ndinkatero ndi jekete la amuna anga pamsomali. Koma aGelevazio tinakawaika tonse, inu ndi ine. Ali kumanda, m'galimoto muja mulibe."

Khasu linaima. Ndinayembekeza kuti mkangano ubuka woposa wa madzi, ndipo ndinayamba kusunthira kutali. Koma aNangondo anangoima atatsamira mpini, akuyang'ana kuphiri. Kenako analavulira m'manja n'kupitiriza kubandira. Madzulo ake, tikusenda nyemba pakhonde, ndinamva akuitana kuchokera kukhitchini kwawo.

"Matilida, uwafunse abambo a Lusiya ngati zitsulo zokonzera zija zilipo zonse."

Mabawutiwo anali atagwira dzimbiri la zaka, choncho ndinayamba ndi kuwathira palafini ndi oyilo wakale m'mawa uliwonse mpaka atamwa. Vuto lina linali malo. Kuti uyeze galimoto bwino imafunika iime posapendekera, ndipo kwathu kuno ngakhale bwalo la mpira limatsetsereka. ANangondo ndiwo anati tipite pathanthwe la kuseri kwa mudzi, pamene amayi amayanika ufa. Mvula itadula masiku angapo tinapita atatu, iwo, Matilida ndi ine. Anatenga beseni la madzi n'kumaliika apa ndi apo pathanthwepo, akuyang'ana ngati madzi akufika mofanana m'milomo yonse. Atapeza malo anapempha amayi awiri kuti asunthe mphasa zawo za ufa, ndipo ndinaimika pikapu pomwepo, yopanda katundu, matayala onse nditawapopa mofanana.

Muyezo wathu unali bango. Ndinaonetsa Matilida, kuti aonetse mayi ake, kuti bango liyambire pakati penipeni pa wilo n'kukafika pamlomo wa madigadi. ANangondo anayeza kumanzere, n'kulemba ndi mpeni. Anazungulira kutsogolo, nayeza kumanja. Kusiyana kwake kunali zala zitatu. Anayang'ana bangolo nthawi yaitali, ngati kuti ndi limene lalakwa.

Ndinakweza kutsogolo ndi jeke kuti zitsulo zija zipume, n'kuikira zipika za paini pansi kuti galimoto ingandigwere. Ndinalowa chagada ndi sipanala, nditaivekera paipi kuti ikhale ndi mphamvu. Bawuti yakumanja inakana, inakana, kenako inalira ngati chitseko cha nkhokwe yakale n'kuyamba kuyenda. Ntchito yake ndi yofuna kuleza mtima. Umamanga pang'ono, n'kutuluka, n'kutsitsa jeke, n'kuinyutula galimoto ndi manja, n'kuiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, n'kuyezanso. Ukatero umayambiranso. Kumanzere nakonso kunafunika kukwezako, chifukwa mphuno yonse inali yogwa. Ndinauza Matilida kuti awauze kuti tikamanga mopitirira galimoto idzauma ngati ngolo, ndipo idzayamba kudya mfundo za mawilo. Iwo anayankha kudzera mwa Matilida yemweyo kuti safuna galimoto yonyada. Mphuno itsale pansi pang'ono kuyerekeza ndi kumbuyo, chifukwa matumba akakwera kumbuyo kumatsika, ndipo safuna kupita ku Lobi akuyang'ana kumwamba. Za bampala ndinayesa kunena kuti tiichotse, popeza ndi imene ikulemera. Yankho linabwera msanga kuti bampala ikhale.

Dzuwa litafika pamutu munthu wina anakuwa kuchokera kumudzi kuti mbuzi zalowa m'nyemba zathu. Matilida anataya chitenje chimene anakhalira n'kuthamanga. Amayi oyanika ufa aja anali atapita kukaphika. Pathanthwe tinatsala awiri.

Ndinali nditangotsitsa jeke. ANangondo anayeza kumanzere, anayeza kumanja, n'kuima ndi bango m'manja. Ine ndinaima mbali ina ya boneti, ndikuyang'ana sipanala. Anayang'ana kunjira, Matilida sankaoneka. Anatsokomola.

"Galimoto iyi," anayamba choncho, monga mwa masiku onse, n'kusiyira pomwepo. Kenako anati, "Abambo a Lusiya."

Chikwatirireni mwana wawo anali asanandiitanepo. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

"Wawa, amayi."

"Kumanja kwatsala chala chimodzi. Mumange pang'ono, musapitirire."

"Chabwino, amayi."

Ndinakwezanso jeke n'kulowa pansi. Ndili chigonere ndinkaona mapazi awo okha, ong'ambika zidendene, ataima pafupi ndi wilo. Ndinamanga, ndinatuluka, ndinatsitsa, ndinainyutula, ndinaiyendetsa n'kuibweza pamalo pomwe paja. Anayeza mbali zonse ziwiri, ndipo chizindikiro cha mpeni chinagwera pamlomo wa madigadi uku ndi uku.

"Takwerani, tione ngati isintha," anatero.

Ndinakwera n'kukhala m'dzenje lija. Anayezanso, ndipo ndinamva akuseka pang'ono m'mphuno.

"Siinamve n'komwe kuti mwakwera munthu. Matilida amakupatsani chakudya koma?"

"Amandipatsa, amayi."

Anabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa thanthwe, n'kuima akuiyang'ana pikapuyo chamaso. Inali itaima mowongoka, nyali zonse ziwiri pa msinkhu umodzi, ngati galimoto ya munthu wina. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja atagwira kumbuyo, ndipo ine sindinatsike kapena kuliza injini. Kenako anabwera kuchitseko changa, chimene chinali chotsegula, nayang'ana saka lopinda lija kumsana kwanga.

"Chotsani chimenecho. Kokerani mpando kutsogolo, miyendo yanu ndi yaifupi."

Mpandowo unali utagwira dzimbiri m'njanji zake. Ndinathira oyilo, ndinagogoda ndi mwala, mpaka unasuntha. Pamene unachokapo panaoneka makoko a mtedza, ambiri ndithu, ouma ndi otuwa. AGelevazio ankakonda kuswa mtedza akuyendetsa, makoko n'kumaponya pansi. ANangondo anawerama, nawasonkhanitsa ndi dzanja, n'kuwathira pansonga ya chitenje chawo. Sanawataye pathanthwepo. Anamanga kamfundo, natola beseni ndi bango, n'kuuyamba wapansi kupita kunyumba. Ndinawafunsa ngati sakwera, anangopukusa mutu osatembenuka.

Kutacha ndinamva mawu pabwalo: "Iwe Matilida, uwauze abambo a Lusiya apite nayo ku boma akaiwongole mawilo, ingayambenso kudya matayala." Zinthu zinabwerera m'malo mwake, ndipo mpaka imfa yawo sanandiyankhulenso mwachindunji. Matilida sanakhulupirire nditamuuza za pathanthwe, mpaka ataona mpando.

Nyemba za aNabanda zitacha tinazinyamula, eni ake atakhala pa tayala lapadera monga kale. Chilimwe cha chaka chomwecho anakangananso za madzi, ndipo aNabanda ankaloza ndi mkono wopindika womwewo. Pikapu inayenda zaka zina zingapo osadyanso tayala mbali imodzi. Chaka chilichonse mvula ikatha aNangondo ankaizungulira ndi bango latsopano, n'kuuza Matilida zimene apeza.

Anadwala chifuwa nyengo yozizira, ndipo sanagone nthawi yaitali. Paulendo wopita kuchipatala Matilida anawapempha kuti akhale kutsogolo, poti lamulo loti wodwala amakhala kutsogolo linali lawo lomwe. Anakana. Tinawayalira matiresi kumbuyo, Matilida ndi aNabanda atawakhalira uku ndi uku ndi mabulangete. Anamwalirira kuchipatala komweko, ndipo pobwera nawo anadzera momwemo.

Patapita miyezi ingapo injini inayamba kufuka utsi woyera ndi kumwa madzi, ndipo makaniko amene anaitsegula anati yafika pothera. Banja linakhala pansi. Petulo, yemwe uja ankafuna kuigulitsa kale, ndi amene anavuta kwambiri kuvomera. Pomaliza inatengedwa ndi bambo wina wa cha ku Ntcheu amene anali ndi injini ina, ndipo anaikoka ndi chingwe.

Kuseri kwa nyumba ya apongozi anga kuli chisakasa chimene pikapuyo inkagona, cha mitengo ya bulugamu ndi malata akale otsikiriza ndi miyala. Palibe waganiza zochigwetsa. Pansi pakadali tinjira tiwiri ta matayala, ndipo pakati pake pali banga lakuda la oyilo pamene udzu ukukana kumera. Nkhuku zakumba maenje osambiramo fumbi m'mbali mwake. Mpiru wodzimerera wafika m'mawondo pakhomo pake, ndipo dzungu lina lakwera mzati mpaka padenga. Pamtanda pakulendewerabe lamba wakale wa injini ndi chigubu chodula pakamwa chimene tinkathirira madzi.

Lachiwiri lapitali, m'mawa kukadali nkhungu, ndinaona mayi wina wa kuseri kwa phiri akutsika ndi thumba la nyemba pamutu. Ayenera kuti sanamve zoti pikapu inapita. Anapatuka panjira, nazungulira nyumba, n'kufika pachisakasa paja. Anaima osatula thumbalo, akuyang'ana mkati. Ndinamupatsa moni, anayankha. Anakonza nkhata yake ndi dzanja limodzi, nabwerera kunjira, n'kupitiriza kutsika wapansi kulowera ku Lobi.